Fayilo ikakana kulowa m'bokosi: kukoka ndi kuponya pa intaneti, ndi mkangano wa opanga mabrawuza

Amene anafunsirapo ntchito kapena malo a sukulu kudzera pa intaneti amalidziwa bokosi lija la mizere yodukaduka, lolembedwa m'Chipwitikizi kuti "Arraste o ficheiro para aqui". Mumagwira fayilo ndi mausi, kuikoka mpaka m'bokosimo, n'kuisiya. Likakhala tsiku labwino imalowa. Tsiku lina, m'shopu yojambulitsa mapepala ku Ulongwe kapena ku Moatize, mnyamata wothandiza anthu amakoka chithunzi cha BI ya kasitomala, n'kusiya, koma m'malo molowa m'bokosi chithunzicho chimangotseguka n'kudzaza sikirini yonse. Fomu imene anailimbana nayo yasowa, mamega nawo apita. Mnyamatayo amangoti, "Pepani bambo, tiyese ndi Chrome." Kawirikawiri zimathekadi, ndipo onse awiri amachoka ndi chigamulo chakuti brawuza yoyambayo, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ija, ndi yachabechabe.

Chigamulocho nthawi zina chimakhala choona, nthawi zina ayi. Anthu opanga mawebusaiti akhala akukangana za nkhaniyi kwa zaka zoposa 15, ndipo mkanganowo umakafika pa funso lalikulu: ngati khodi ya mabrawuza ambiri, malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu, ili poyera moti aliyense angathe kuikonza, n'chifukwa chiyani kanthu kooneka kophweka chonchi kamavutabe?

Anthu atatu pa thumba limodzi

Kukoka chinthu pa sikirini n'kuchiponya pena si nzeru ya pa intaneti. Anthu ambiri anaidziwira pa kompyuta ya Macintosh imene Apple anatulutsa mu 1984, pomwe munthu ankakoka fayilo n'kuiponya m'kachithunzi ka bini kuti aitaye. Pamenepo zonse zinali m'manja mwa kampani imodzi. Pa intaneti manja ndi ambiri.

Taganizirani mlimi wa ku Tsangano amene akutumiza thumba la mbatata ya kachewere kwa mbale wake mumzinda wa Tete. Pali wotumiza, pali woyendetsa galimoto, pali wolandira. Wotumiza alembe dzina pathumba. Woyendetsa avomere kunyamula. Wolandira akhale pasiteji n'kunena kuti thumbalo ndi lake, apo ayi galimoto ipitirira nalo. Mmodzi akaphonya, mbatata sifika, ngakhale ena awiriwo atachita zonse molondola.

Pa kompyuta wotumiza ndi pulogalamu imene muli fayiloyo, wonyamula ndi Windows, macOS kapena Linux mothandizana ndi brawuza, ndipo wolandira ndi tsamba la pa intaneti, lolembedwa ndi munthu amene mwina sanaliyesepo pa brawuza yanuyo. Zina mwa zolephera sizikhudza brawuza n'komwe. Pa Windows, pulogalamu ikatsegulidwa ndi mphamvu za administrator siilandira zokokedwa kuchokera pawindo wamba, ndipo anachita dala pofuna chitetezo. Pa Linux pali njira ziwiri zojambulira mawindo, X11 yakale ndi Wayland yatsopano, iliyonse ndi kanyamulidwe kake. Firefox inayamba kugwiritsa ntchito Wayland mwachizolowezi pa mtundu wa 121, mu Disembala 2023. Komanso Ubuntu 22.04, mtundu wina wa Linux, inabwera ndi Firefox yotsekeredwa m'phukusi la Snap, limene silimalola pulogalamu kuona mafoda ena, choncho fayilo yokhala kumalo oterowo inkatha kukanika kulowa ngakhale mutaikoka bwinobwino.

Dongosolo lochokera mu 1999

Gawo la tsamba ndi limene lili ndi mbiri yokondweretsa. Microsoft anaika njira yake yokokera ndi kuponya mu Internet Explorer 5 mu 1999, popanda kupangana ndi wina aliyense. Nthawi imeneyo brawuza yawo inali kulanda msika, ndiye mawebusaiti ambiri analembedwa motsatira njira imeneyo. Apple nawo anaitengera mu Safari. Mu 2004 anthu a ku Apple, Mozilla (opanga Firefox) ndi Opera anayambitsa gulu la WHATWG kuti alembe malamulo atsopano a HTML, chilankhulo cholembera masamba a pa intaneti. Malamulowo anadzatchedwa HTML5. Mkonzi wake, Ian Hickson, sanapange njira ina yatsopano yokokera. Anayesa Internet Explorer mobwerezabwereza, kuona mmene imachitira pa chilichonse, n'kulemba zimenezo kukhala lamulo la onse. Firefox inalandira njirayi pa mtundu wa 3.5 mu 2009, ndipo mu 2010 Gmail inayamba kulola anthu kukoka fayilo kuchokera pakompyuta n'kuiponya m'kalata.

Njirayi ili ndi mauthenga asanu ndi awiri amene brawuza imatumiza kwa tsamba: dragstart, drag, dragenter, dragover, dragleave, drop ndi dragend. Chimene chimazunguza olemba mawebusaiti ndi ichi. Mwachibadwa malo ambiri patsamba amakana kulandira. Kuti bokosi lilandire, wolemba khodi ayenera kuletsa kukanako, poitana lamulo lotchedwa preventDefault pa uthenga wa dragover, womwe umabwera mosalekeza nthawi yonse imene fayilo ili pamwamba pa bokosilo. Kenako aletsenso pa drop. Akaiwala kwachiwiriku, brawuza imachita zimene imachita ndi fayilo iliyonse yoponyedwa: imaitsegula. Ndizo zija zimamuchitikira mnyamata wa ku Ulongwe, ndipo zimachitikanso dzanja likaphonya bokosi pang'ono chabe. Kuvomera pokana kukana. Amene amati dongosololi ndi lopotoka sakunama.

Mu 2009 Peter-Paul Koch, katswiri wa ku Netherlands wodziwika ndi kuyesa mabrawuza, analemba mokwiya kuti gawo limeneli ndi tsoka ndipo lichotsedwe mu HTML5. Hickson mwiniwake anavomera kuti njirayo ndi yoipa, koma anati ili ndi ubwino umodzi, wakuti mabrawuza aakulu anali nayo kale. Mkangano wonse wagona pamenepa. Lamulo lokongola limene palibe akulitsatira silithandiza munthu, ndipo brawuza imene ingasinthe khalidwe lakale imaphwanya masamba ambirimbiri amene eni ake anawasiya kalekale. Wogwiritsa ntchito sadzadzudzula tsambalo. Adzadzudzula brawuza, n'kusamukira kwina.

Pali chinthu china chimene olemba khodi atsopano amachiyesa vuto pomwe ndi loko. Fayilo ili m'malere, tsamba limaloledwa kuona mtundu wa chimene chikubwera, koma osati zam'kati mwake. Thumba lija limatsegulidwa likatsitsidwa basi. Popanda zimenezi, tsamba lachinyengo likanatha kuwerenga chikalata chanu pongochidutsitsa pamwamba pake muli paulendo wopita nacho pawindo lina.

Lamulo limodzi, machitidwe osiyana

Mayina a mabrawuza ndi ambiri, koma injini zimene zimawerenga tsamba n'kulijambula zatsala zitatu zikuluzikulu. Blink ili mu Chrome, Edge, Opera, Brave ndi Samsung Internet. WebKit ili mu Safari. Gecko ili mu Firefox. Kale zinalipo zambiri: Opera anasiya injini yake ya Presto mu 2013, ndipo Microsoft anasamutsira Edge ku Chromium, khodi imene Chrome inamangidwapo, mu Januwale 2020.

Kugwirizana kwa mabrawuza ndiko kuti tsamba limodzi lichite chimodzimodzi pa injini zonsezi. Pa kukoka ndi kuponya zakhala zikusiyana m'tinthu ting'onoting'ono tolusa. Internet Explorer inkadziwa mayina awiri okha olemba pathumba, Text ndi URL, pomwe ena ankafuna mayina monga text/plain. Kwa zaka zambiri Firefox inkakana kuyamba kukoka chinthu cha patsamba ngati wolemba khodi sanaike kanthu m'thumbamo ndi lamulo la setData, pomwe Chrome inkangonyamula ngakhale thumba lopanda kanthu. Wolemba amene anayesa pa Chrome pokha ankaona zonse zili bwino. Ndiye pali vuto lotchuka limene linalembedwa m'kaundula wa Mozilla mu 2009: pa uthenga wa drag, Firefox inkapereka ziro m'malo mouza tsamba pamene mausi ili. Linakhala losakonzedwa kwa zaka zoposa khumi, anthu akulembapo madandaulo chaka ndi chaka. Mbali ina ya chitetezo cha Mozilla inali yakuti lamulo lolembedwalo silinkanena momveka zoyenera kuchitika pamenepo. Odandaula ankayankha kuti ena onse akuchita mofanana, bwanji inu nokha?

Ziwerengero za StatCounter, kampani yowerengera ogwiritsa ntchito mabrawuza, zimasonyeza kuti pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse padziko amagwiritsa ntchito Chrome, ndipo a Firefox sakwana 3 pa 100. Zikatero, chimene Chrome ikuchita chimasanduka lamulo ngakhale chisanalembedwe paliponse, monga momwe zinalili ndi Internet Explorer kale. Tsamba likamati "gwiritsani ntchito Chrome", nthawi zambiri likungonena kuti eni ake sanaliyese kwina.

Nanga pafoni?

Kuno kwathu funso ili ndi lalikulu kuposa ena onse, chifukwa munthu wa ku Furancungo kapena ku Zóbuè amalowa pa intaneti ndi foni ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, osati ndi mausi. Dongosolo la 1999 linapangidwira mausi. Pafoni, kutsetsereka kwa chala kuli kale ndi ntchito yake yokweza ndi kutsitsa tsamba, choncho kwa zaka zambiri mabrawuza a pafoni sankatumiza mauthenga asanu ndi awiri aja. Apple anabweretsa kukoka pa iPad ndi iOS 11 mu 2017, ndipo pa iPhone ndi iOS 15 mu 2021. Pomwe zimatheka, munthu amayamba wadinikiza chala kwa kanthawi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti njirayo ilipo. Olemba mawebusaiti ochuluka analitaya dongosolo la brawuza n'kulemba lawolawo lotsatira chala, lomwe limagwira m'kati mwa tsamba koma silingalandire fayilo yochokera kunja.

Bungwe la W3C, lolemba malamulo a mawebusaiti, linalowererapo mu Okutobala 2023 ndi WCAG 2.2, malangizo othandiza kuti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito masamba. Mfundo ya 2.5.7 imati chilichonse chochitidwa pokoka chikhalenso ndi njira ina yongodina, poganizira anthu amene manja awo amanjenjemera kapena sangathe kugwira n'kukoka. Amene ali pafoni amapindula nawo. Ndiye bokosi likavuta, yang'anani batani losankhira fayilo pafupi pake. Likasowa, ameneyo ndi mlandu wa wolemba tsamba, ndipo pamenepa sindiona chokanganira.

Khodi yapoyera inayamba bwanji

Pulogalamu ya open source ndi imene khodi yake yaikidwa poyera ndi chilolezo chakuti aliyense aiwerenge, aisinthe, agawireko ena. Netscape, atapanikizidwa ndi Microsoft, anatulutsa khodi ya brawuza yake mu 1998, ndipo ndi mmene Mozilla inabadwira. Ntchito inachedwa kwambiri. Patangotha chaka, Jamie Zawinski, mmodzi wa oyambitsa, anatula pansi udindo akudandaula kuti palibe chomwe chatulutsidwa, ndiponso kuti kungotsegula khodi sikuukitsa ntchito imene ikufa. Firefox 1.0 inadzatuluka pa 9 Novembala 2004.

Injini zinazo, Blink ndi WebKit, zili ndi kholo limodzi. Anthu odzipereka a gulu la KDE, lopanga mapulogalamu a Linux, analemba injini ya KHTML, Apple anaitenga n'kupangira Safari mu 2003. Mu 2005 a KDE anadandaula poyera kuti zosintha za Apple zinkabwera mumulu waukulu wovuta kuubwezera m'khodi yawo, ndipo chaka chomwecho Apple anatsegula WebKit kuti ntchito izichitikira poonekera. Google anamanga Chrome pa WebKit mu 2008, kenako mu Epulo 2013 anapatuka n'kuyambitsa Blink. Choncho injini zitatu zonse za lero ndi zapoyera, ngakhale Chrome ndi Safari zenizenizo zili ndi zigawo zina zotsekedwa. Amene amati vuto ndi "mabrawuza a open source" akunena pafupifupi mabrawuza onse.

Odandaula ndi owayankha

Dandaulo loyamba ndi la mavuto okalamba. Mozilla ili ndi kaundula wa mavuto wotchedwa Bugzilla kuyambira mu 1998, ndipo aliyense angathe kuwerengamo. Munthu amapeza vuto lake linalembedwa kale mwana wake asanabadwe, pansi pake pali anthu ambirimbiri akuti "inenso", mwinanso lamatidwa chizindikiro cha WONTFIX, kutanthauza kuti silidzakonzedwa. Chitsanzo chodziwika ndi kabokosi kofotokozera kamene kankatsalira pasikirini munthu atachoka pa Firefox. Kanalembedwa mu 2002, n'kukonzedwa mu 2023 ndi wophunzira wina wa ku Stanford amene anali asanaperekepo khodi ku Firefox. Nkhani imeneyi mbali zonse ziwiri zimaitenga ngati umboni wawo. Odandaula amati taonani, zaka 21 pa kanthu kakang'ono. Oyankha amati taonani, mlendo anatha kulowa n'kukonza, zomwe sizikanatheka pa Internet Explorer, imene mavuto ake ankasungidwa kuseri kwa chitseko.

Dandaulo lachiwiri ndi la mawu aja akuti "ngati zikukuwawa, konza wekha". Khodi ya brawuza ili ndi mizere mamiliyoni ambiri. Kungoikopera n'kuimanga kumafuna kompyuta yamphamvu, magetsi odalirika ndi intaneti yosawerengera mamega. Wophunzira wa ku Tete amene amagula mamega ndi M-Pesa kapena e-Mola ali ndi chilolezo chofanana ndi injiniya wa ku California, koma mwayi si wofanana. Ndipo ngakhale atalemba chigamba chake, khodi yokonzera vutolo, ayenera kudikira wogwira ntchito wa m'kati kuti achiunike, mu Chingerezi. Oyankha amati kuunikako si nkhanza. Brawuza imatsegula masamba a anthu osawadziwa tsiku lonse, ndipo chigamba chimodzi chosasamala pa kukoka mafayilo chingatsegulire akuba. Kukonza vuto la munthu mmodzi kungathenso kuphwanya masamba a ena zikwi.

Lachitatu ndi la ndalama, ndipo ndi lolemera kuposa enawo. Khodi ndi yaulere koma oilemba ambiri ndi olipidwa. Mbali yaikulu ya ntchito ya Chromium imachitidwa ndi antchito a Google, ndipo ndi Google amene amagamula kolowera. Anthu anaziona pa kusintha kwa malamulo a zowonjezera (timapulogalamu tophatikiza pa brawuza) kotchedwa Manifest V3, komwe kunachotsa pa Chrome uBlock Origin yathunthu, chotsekera zotsatsa chotchuka. Google anati akufuna chitetezo ndi liwiro, otsutsa anati kampani yodya za zotsatsa siingaweruze nkhani yotere mosakondera. Mozilla nayo imapeza mbali yaikulu ya ndalama zake kuchokera kwa Google, monga malipiro oti Google ikhale chofufuzira choyambirira mu Firefox. Mu Ogasiti 2020 inachotsa antchito pafupifupi 250. Ogwiritsa ntchito ena amaidzudzula kuti imathera mphamvu pa kusintha maonekedwe ndi ntchito zam'mbali m'malo mokonza zakale, ndipo ena sanaikhululukirebe chifukwa chothetsa zowonjezera zakale pa Firefox 57 mu 2017. A Mozilla amati popanda kusinthako brawuzayo ikanatsalira pa liwiro, ndipo kufunafuna ndalama kwina ndi njira yokhayo yochepetsera kudalira mpikisani wawo.

Akuluakulu anati chuluke chuluke ndi wa njuchi, umanena iyo yakuluma. Pa nkhani ino kuiloza njuchiyo n'kovuta, chifukwa mapangidwe ndi a Microsoft, lamulo ndi la WHATWG, khodi ndi ya makampani atatu, ndipo tsamba ndi la munthu wina. Komabe sikuti palibe chikuchitika. Kuyambira mu 2022 Apple, Google, Microsoft, Mozilla ndi makampani ang'onoang'ono monga Igalia ya ku Spain amagwirizana chaka chilichonse pa ntchito yotchedwa Interop: amasankha magawo angapo, n'kumayesa mabrawuza onse ndi mayeso amodzi, zotsatira zake zili poyera. Igalia yomweyo inasonyeza njira ina yolipirira ntchito pamene kampani ya Bloomberg inailipira kuti ilembe CSS Grid, njira yoyalira zinthu patsamba, mu Blink ndi WebKit. Kukoka ndi kuponya kumavuta kukuyesa ndi makina okha, popeza kumadutsa m'manja mwa Windows, macOS kapena Linux, ndipo chinthu chovuta kuyesa sichichedwa kutsalira pamndandanda.

Zimene sizinayankhidwe

Dongosolo la 1999 lisiyidwe, lisamalidwe, kapena lilembedwe lina pambali pake loganizira chala ndi kiyibodi kuyambira pachiyambi? Kulichotsa sikungatheke popanda kuphwanya masamba akale, ndipo kuwonjezera lina kukutanthauza kusamalira awiri mpaka kalekale.

Za ndalama nazo zili m'malere. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta wa ku United States anagamula kuti Google inaphwanya lamulo poteteza ufumu wake pa zofufuzira. Mu Seputembala 2025 anakana kuikakamiza kugulitsa Chrome, ndipo analola malipiro kwa opanga mabrawuza kupitirira bola asakhale otsekereza ena. Mozilla inapuma, koma kudalira kuja kulipobe. Malipirowo atadzatha, Gecko adzailipirira ndani? Pali injini zatsopano zimene zikumangidwa, Ladybird ya Andreas Kling ndi Servo imene Mozilla inaisiya mu 2020. Izi zidzayenera kutengera khalidwe lililonse lopotoka la Chrome kuti masamba atseguke. Kodi zidzawonjezera mpikisano weniweni, kapena zidzangolimbitsa kuti Chrome ndiye lamulo?

Ndiye pali funso la kuno. Opanga mabrawuza amasankha zokonza poyang'ana ziwerengero za ogwiritsa ntchito ndi malipoti amene alandira. Mnyamata wa m'shopu ku Ulongwe salemba lipoti. Amasintha brawuza n'kuitana kasitomala wotsatira. Vuto limene limagwera foni yotsika mtengo pa netiweki yofooka ku Chifunde lidzafika bwanji pamndandanda wa injiniya, ndipo ndani ayenera kulifikitsa: wogwiritsa ntchito, sukulu zophunzitsa za makompyuta m'chigawo chino, kapena mabungwe amene amalamula mawebusaiti n'kuwalandira osafunsa kuti anayesedwa pa chiyani?